Nyimbo zimene mulibe m'kawailesi kanga

 Lero sindinabwere ndi mutu wa ulaliki monga mudazolowera. Ndili ndi nkhani ziwiri za pakhomo: ya kachipangizo koimba nyimbo kamene ndalandira mwezi wathawu, ndi ya ulendo wa kumudzi pa Khirisimasi. Zikuoneka ngati nkhani zosayenderana, koma muona kutsogoloku kuti ina ikutsamira inzake. Achibale, inu makamaka musalekeze panjira, chifukwa kumapeto kuli gawo lanu.

Kachipangizoka ananditumizira ndi mwana wanga wamkazi amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Kukula kwake n'kongoposa pang'ono bokosi la machesi. Adzukulu akuti dzina lake ndi MP3 player, koma ine ndimangoti kawailesi, pakuti kamagwiranso masiteshoni a FM. Kali ndi timabatani tochepa, kachingwe ka mahedifoni, ndi kamemore khadi kochepa ngati chikhadabo, kolembedwa kuti 16 GB. Ndinapempha mdzukulu wanga wa ku sekondale kuti andimasulire chiwerengerochi m'chinenero cha anthu, ndipo tinawerengera limodzi papepala. Nyimbo yosungidwa mwa njira ya MP3, pa mlingo wamba, imadya pafupifupi megabaiti imodzi pa mphindi iliyonse. Choncho m'kachikhadabo kameneka mungalowe nyimbo pafupifupi 4,000 za mphindi zinayi zinayi, zoti munthu atati azimvera usana ndi usiku osagona angathe masiku 11 asanabwereze ngakhale imodzi.

Ife a m'badwo wa wailesi ya Nzeru zimenezi zimatizunguza mutu. Tinakula tikuyanika mabatire padzuwa kuti atiimbireko tsiku lina limodzi. Itabwera kaseti tinaona ngati dziko lafika pamapeto pa nzeru, chonsecho kaseti ya C60 inkangonyamula mphindi 30 mbali imodzi, ndipo pofuna kuibweza tinkaizunguza ndi bolopeni kuopa kutha mabatire. Ngakhale liwu loti chimbale, limene achinyamata akugwiritsa ntchito lero potchula nyimbo zimene sangathe kuzigwira ndi manja, linachokera ku mbale zakuda za galamafoni zimene ankasunga aphunzitsi ndi obwera kuchokera ku migodi. Kunja kuno zinthu zinathamanga. Kampani ya Sony inatulutsa Walkman m'chaka cha 1979, ya Apple inatulutsa iPod mu 2001, ndipo pofika 2022 inaleka kuipanga chifukwa foni ya m'manja inali itameza ntchito yake. Kunena zoona, kawailesi kangaka kandipeza pamene ena atakataya kale.

Wina afunsa kuti nanga bwanji osangomvera pa foni monga achitira onse. Yankho langa ndi lakuti foni ya mkulu wa mpingo si malo opumulira. Ukangoti uyambe nyimbo, uthenga wa maliro walowa; usanathe ndime yoyamba, gulu la WhatsApp la komiti ya chitukuko likufuna yankho; kenaka wina akuimba kufunsa za tsiku la ulangizi wa ukwati. Zonsezo ndi ntchito zabwino ndipo sindizidandaula. Koma kawailesi aka kali ndi khalidwe limene ndalikonda: kamachita chinthu chimodzi n'kukhala chete pa zina zonse. Kamatenganso masiku angapo kasanafune kuchajidwa, ndiye magetsi akazima madzulo sindiyamba kusankha pakati pa kumvera nyimbo ndi kusunga moto wa foni.

Ntchito inali pa kukadzaza. Mnyamata wina wa pamsika, wa kumalo kumene amabanira nyimbo, anandiuza kuti pa ndalama yochepa angandithiriremo nyimbo zauzimu zikwizikwi ndisanamalize kumwa botolo la chakumwa. Ndinamupempha kuti andionetse kaye pa kompyuta yake. Zambiri zinalibe dzina la kwaya ngakhale la woimba, zinangolembedwa manambala. Ina inabwerezedwa katatu ndi maina osiyana. Ndinamufunsa kuti eni nyimbozi amalandirapo chiyani, ndipo anangoseka mwaulemu monga achitira ana a masiku ano akaona kuti mkuluyu watsalira. Sindimuweruza mnyamatayo, naye akufuna chakudya. Koma inu ndi ine tikudziwa mmene kwaya ya mpingo imavutikira kuti ijambule chimbale: amayi amagulitsa mandasi, achinyamata amapita kukagwira ganyu, ndipo chiyembekezo chawo chimakhala choti akagulitsa agule yunifomu kapena athandize kufolera nyumba ya abusa. Bungwe la COSOMA lilipo kuyambira 1992 kuti liteteze ntchito za oimba ndi olemba, koma bungwe silingafike m'thumba la malaya a munthu aliyense. Ndinabwerera kunyumba ndi khadi yopanda kanthu. Mdzukulu uja anandikopera za m'zimbale zimene ndinagula ndekha pa zaka zonsezi, ndipo zina ndinakagula kwa atsogoleri a makwaya eni ake.

Titamaliza tinawerenga. Zinakwana 73. Nkhokwe yokwana nyimbo 4,000, koma zimene mtima wanga umazifunadi sizinafike ndi 100 yomwe. Mdzukulu anaona ngati n'kuononga malo. Ine ndinangoti tisiye choncho, malowo adzapeza ntchito.

Kali ndi batani lina losakaniza nyimbo, loti kazisankha kokha yotsatira. Ndinaliyesa masiku awiri n'kulizimitsa. Makinawa sadziwa nyengo. Amatha kukuchotsa pa nyimbo ya ukwati n'kukugwetsera m'nyimbo imene tinaimba potsitsa bokosi la bambo ako m'manda, iwe uli pamzere wa ku banki, anthu akukuyang'ana kuti mkuluyu maso afiira bwanji. Amene anasanja buku la Nyimbo za Mulungu anaika nyimbo m'magulu ake, ndipo aliyense amene anatsogolerapo mapemphero amadziwa kuti kusankha nyimbo ndi ntchito yofuna kuganiza. Ya m'mawa ili ndi malo ake, ya pa Mgonero ili ndi malo ake. Sindinafune kusiyira ntchito imeneyo kachitsulo.

Za mahedifoni ndinenepo mawu awiri, chifukwa zikukhudza ana athu. Ine ndimavala khutu limodzi lokha, linalo ndimalisiyira dziko. Mumsewu muli njinga zamoto za kabaza zimene zimatulukira kumene sukuyembekezera, ndiponso muli anthu amene amakupatsa moni. Ndaona achinyamata abwinobwino, a m'kwaya mwathu momwemu, akudutsa mayi wachikulire amene wawapatsa moni kawiri, osati chifukwa cha mwano koma chifukwa makutu onse atsekedwa. Mayiyo sadziwa za zingwezo. Amangopita akudziwa kuti mwana wa uje sayankha moni. Komanso a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amalangiza kuti munthu wamkulu asapyole maola 40 pa sabata akumvera phokoso la mlingo wa madesibelo 80, ndipo phokoso likakwera maolawo amachepa msanga. Ife tilibe choyezera, koma pali muyeso wapafupi: ngati mnzako wokhala naye pampando akumva nyimbo yako, kapena ngati ukufuula poyankha funso, watsegula mopyola. Khutu likafa silibwerera.

Tsopano za ulendo. Kwa inu a mumpingo amene simudziwa kwathu, ife timachokera kuseri kwa phiri la Nkhoma. Kuchoka kuno ku Blantyre timakwera pa Wenela, kudutsa Lunzu, kuoloka Shire pa Zalewa, kenaka Ntcheu, Lizulu, Dedza, Linthipe, n'kutsikira pa Kamphata tisanafike mumzinda wa Lilongwe. Msewu wonse wa pakati pa mizinda iwiriyi ndi wopitirira pang'ono makilomita 300. Amene mukuganiza zobwera pa galimoto yanu muwerengereko mageti awiri olipiritsa, la pa Chingeni limene linatsegulidwa mu 2021 ndi la pa Kalinyeke ku Dedza, ndipo mafuta muwapezeretu masiku akadalipo, musadalire kuti mukathira panjira. Ife ena tikwera basi yaikulu ya matikiti. Imadulirapo, koma imanyamuka pa nthawi yake. Minibasi ya mu Disembala imakuuza kuti yatsala ndi anthu awiri, iwe n'kukhalamo maola awiri, ndipo ena amene unawapeza atakhala m'mipando amatsika mmodzimmodzi basi ikamadzaza, pakuti sanali apaulendo. Ukafika pa Kamphata dzuwa litapendeka ndiye kuti chigawo chotsalacho uchiyenda mumdima ndi m'matope, ndipo wa kabaza amatchula mtengo akuyang'ana mitambo.

Pa Lizulu, pamene msewu ndiwo malire a dziko lathu ndi Mozambique, basi ikaima tidzagula mbatatesi, kabichi ndi anyezi. Zina zonse tigule kuno. Ndipo apa ndilankhule monga mwini mbumba, mosapsatira. Disembala si mwezi wa zokolola. Kumudzi ino ndi nthawi ya kupalira, nkhokwe zatsika, ndipo miyezi yowawa ya Januwale ndi Febuluwale ili kutsogolo. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma mame sadya nsima. Ife tikatsika anthu khumi ndi ana athu, titanyamula mabisiketi ndi zakumwa za m'mabotolo, timadya m'masiku asanu ufa umene ukanawafikitsa apakhomo kumapeto kwa Januwale, ndipo iwo sangatiuze chifukwa ulemu suwalola. Choncho banja lililonse libwere ndi ufa wake, mchere, sopo, shuga ndi mafuta ophikira. Amene Mulungu wawadalitsa chaka chino asonkherane thumba la makilogalamu 50 la feteleza wobereketsa. Limenelo lidzakumbukika kuposa mbuzi ya pa Khirisimasi. Ndalama yobwererera ndi ya fizi ya Januwale muziike pazokha musananyamuke, ndipo musaziuze ngakhale dzanja lanu lomwe kumene mwazibisa. Taona kale abale akugulitsa foni pa Kamphata kuti apeze yobwererera.

Mwina mukudabwa kuti chaka chino ndalimbikira chotere bwanji, pamene zaka zina ndimangoti amene angathe apite. Chifukwa chake ndi mayi aang'ono. Mwa ana onse a agogo athu atsala okha. Zaka zawo zapitirira 80, maso achita ng'ala, ndipo miyendo sikuwafikitsanso ku tchalitchi. Amene munawaona pa maliro a chaka chatha mukudziwa zimene ndikunena, ndipo sindifuna kuzilemba mopyola apa.

Tsiku lina ndikumvera nyimbo zanga 73 zija, ndinazindikira kuti imene ndinkaifunitsitsa mulibe. Mawu ake alimo, oimbidwa bwino ndi kwaya ya mumzinda, ndi kiyibodi ndi magitala. Koma maimbidwe amene ndinayamwira mulibe. Inu a m'badwo wanga mukuwakumbuka: mayi mmodzi amatsogola kutchula mawu a mzere wotsatira, chifukwa mabuku anali ochepa ndipo odziwa kuwerenga anali owerengeka, kenaka mpingo wonse umalowa pang'onopang'ono, mokoka, osathamangira kumapeto. Amishoni anafika ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896, ndipo agogo athu anaphunzira nyimbozi kwa anthu amene anaona masiku oyambawo. Mayi aang'ono anazitenga kwa agogo, ndi ndime zake zonse, pamtima. Sindikunyoza kiyibodi, ndinali nawo m'komiti imene inagula yathuyi. Ndikungonena kuti maimbidwe enawo sagulitsidwa pamsika uliwonse, ndipo amene akuwasunga akutha.

Si nyimbo za m'tchalitchi zokha. Pali nyimbo za pamtondo, zimene amayi ankadandauliramo za apongozi ndi za amuna opita ku Halale osabwerako. Chigayo chitafika, mtondo unakhala chete, nyimbozo n'kuyamba kufa. Pali nthano za madzulo zimene tinkayankha kuti tili tonse. Ndipo pali zina zolemera kuposa izi. Ndani mwa ife angatchule maina a makolo athu kupyola pa agogo a amayi athu? Ndani akudziwa kuti mbumba yathu inachokera kuti isanakhazikike pamene ili, kapena amene anagona mbali iti ya kumanda? Nanga malire a munda wa kudambo, amene anaikidwa pamaso pa amfumu ife tisanabadwe, ndani angayende nawo kuchokera pa mtengo kufika pa chulu osaphonya? Mabanja ambiri amene milandu yawo imafika kwa ife akulu a mpingo anayamba kudana patangopita miyezi yochepa chimwalirireni munthu womaliza wodziwa zinthu zotere. Sindikunena kuti mawu ojambulidwa adzalowa m'malo mwa amfumu ndi mboni zamoyo. Koma ana a mayi mmodzi akadzamva liwu la gogo wawo likunena lokha, ena mwa iwo adzachita manyazi kukangana.

Pa kawailesi kaja pali batani lojambulira mawu. Mdzukulu anandionetsa, ndipo tinayesa ndi pemphero la chakudya. Linamveka bwino, pamodzi ndi supuni imene inagwa. Malo aja amene anati ndikuononga angasunge maola opitirira 250 a kulankhula. M'chaka cha 1950, komanso mu 1958, Hugh Tracey anayenda m'dziko muno, pamenepo likutchedwa Nyasaland, ndi galimoto yonyamula makina olemera, akujambula nyimbo za m'midzi. Zimene anajambulazo zikusungidwa mpaka lero ku International Library of African Music, pa Rhodes University ku South Africa, ndipo anthu akutha kumva mawu a makolo amene mafupa awo anasanduka dothi kalekale. Iye anafunika galimoto ndi omuthandiza. Ife chida chake chili m'thumba la malaya, ndipo woimbayo ndi mayi wathu amene sitifunika womasulira kuti timve zimene akunena.

Ndalankhula nawo kale mayi aang'ono kudzera pa foni ya mlamu wathu wa pakhomopo. Poyamba anaseka, nati mawu awo anatha ndipo mano otsekera mphepo palibe. Kenaka anafunsa kuti adzamve ndani. Nditawauza kuti ndi adzukulu ndi ana a adzukuluwo, anakhala chete pang'ono, nati tibwere msanga mvula isanatseke njira. Anaikapo malamulo awo, ndipo tidzawasunga. Iwo anali mlangizi m'Chigwirizano zaka zambiri, ndipo zachilangizo sadzazinena pamaso pa amuna kapena pamaso pa makina. Zimenezo alongo anga mudzakhala nawo panokha, kawailesi katazimitsidwa. Ndiponso palibe adzaike mawu awo pa Facebook kapena kuwamwaza m'magulu popanda iwo kuvomera. Izi ndi za banja. A mumpingo mundikhululukire kuti simudzazimva. Ndakuuzani nkhaniyi chifukwa ambiri a inu muli ndi mayi aang'ono anuanu kwinakwake, ndipo foni imene mukuwerengerapo mawu anowa nayo imajambula.

Dongosolo lake lili motere. Tinyamuka m'mawa wa pa 22 Disembala. Pa 23 ndi pa 24 tidzayamba talowa m'munda kuthandiza kupalira, chifukwa sitingakhale pakhonde ndi makina pamene eni khomo ali ndi makasu. Tikaweruka, iwo atadya ndi kupumula, tidzakhala nawo ola limodzi kapena awiri, osapyola, pakuti munthu wamkulu amatopa ndi mafunso. Tidzajambulira m'nyumba yofolera ndi udzu ija, osati ya malata, chifukwa mvula ikagunda pa malata palibe chimene chidzamveke koma mvulayo. Ana adzathamangitse nkhuku. Aliyense abwere ndi funso limodzi kapena awiri olembedwa papepala, ndipo wofunsa akafunsa atseke pakamwa. Tili ndi chizolowezi m'banja mwathu chomalizira akuluakulu mawu, ndipo pa tsikuli chimenecho chitsale ku Blantyre. Akasochera n'kulowa nkhani ina, asiyeni, kawirikawiri kumene asocherako ndi kumene kuli nkhani yeniyeni. Pa 25, mvula ikalola, tidzawakweza pa ngolo kupita nawo ku tchalitchi. Tibwerera pa 27.

Inu a ku South Africa, ndikudziwa kuti ulendo wa basi wodzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete ndi wautali, ndipo mu Disembala mizere ya pachipata imatalika. Amene mapepala anu kapena ntchito sizikulolani, musadzikakamize ndipo musadzimve olakwa. Jambulani uthenga wa mawu, mutchule dzina lanu, la mayi anu, ndi maina a ana anu mmodzimmodzi, pang'onopang'ono, n'kunditumizira. Ndidzauika m'kawailesi kuti akamve. Ena mwa ana anuwo sanawaonepo, ndipo maso oti awaonere pachithunzi alibenso.

Zofunika zina n'zazing'ono. Kumudzi kulibe magetsi, ndipo kasola ka pakhomo paja sikakoka bwino kukachita mitambo, choncho amene ali ndi power bank abwere nayo yodzaza. Ndikufunanso memore khadi yachiwiri, kuti zimene tijambulezo zisagone malo amodzi. Ina idzatsala kwa mlongo wanga wamkulu, ina ndidzabwera nayo kuno. Ndipo wina apezeko kasipika kakang'ono kolumikiza ndi chingwe, chifukwa mayi aang'ono anena kale kuti zoika tizingwe m'makutu ngati wodwala wa kuchipatala iwo ayi, ndipo akufuna kuti akamamva mawu a adzukulu awo, anzawo a m'mudzi akhale pomwepo amve nawo. Amene mukwera nafe basi mundidziwitse pasanafike pa 10 Disembala, mutchule ndi chiwerengero cha ana, kuti ndikagule matikiti mipando yoyandikana isanathe.